Mita ya Pamsewu

Mwamuna wanga Sunday ndi munthu wophunzira. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndinakwatiwa ndi mbuli. Anapita kusukulu ya ntchito zamanja ku Lusaka, mawaya amawadziwa, mapampu amawadziwa, akagwira sipanala dzanja silinjenjemera. Koma kamuikeni pamaso pa adada anga muone. Mawondo amapinda okha, maso amagwa pansi, mawu amathawira m'mimba. Ine ndimachita kuyang'ana kumbali chifukwa cha manyazi.

Chaka chatha kampani ina ya ku Chipata inamutenga pantchito yoyeserera. Anamuuza poyera kuti tsiku lina adzamusiyira ntchito yoti agwire yekha, ndipo akadzaigwira bwino adzamulemba mokhazikika, ife n'kusamukira ku Chipata. Ine mumtima ndinali nditapachika kale makatani. Mwana wathu Joyce ndinali nditamuuza za sukulu yokhala ndi simenti pansi, ndipo zitini zanga zoopsezera njovu kumunda ndinagawira anzanga, poti kutauni ndikachita nazo chiyani. Tsoka lake, ntchito yoyesera ija inagwa kwathu konkuno ku Tembwe, pasikimu ya mpunga. Wapampando wa sikimuyo ndi a Jeremiah Goma, adada anga ondibereka.

Adada anga si munthu wankhanza, musandimve molakwa. Vuto lawo ndi alendo. Galimoto ikangolira kumsewu wochokera ku boma, iwo avala kale jekete, ngakhale dzuwa likhale la mu Okutobala loti mbuzi nazonso zabisala. Ofesi ya sikimu anaipaka laimu khoma limodzi chabe, loyang'ana kumsewu. Kuseri kwake ndi dothi ndi mavu okhaokha. Akomiti anzawo amangovomera, chifukwa nawonso amakonda kuima pambali pa khoma loyeralo akamajambulidwa.

Nkhani ya mita inabwera motere. Sikimu imapopa madzi mumtsinje nthawi yachilimwe. Oyang'anira za madzi anati manje palibe kupopa mwachisawawa, pafunika mita yoonetsa kuchuluka kwa madzi amene akutungidwa. Bungwe lomwe limathandiza sikimu linagula mitayo, kampani n'kutuma Sunday kuti adzaiike. Inabwera pa lole m'bokosi lamatabwa, ndipo tsiku lotsegula bokosilo anthu anasonkhana ngati kwabwera feteleza waulere.

Kunyumba Sunday ali ndi pakamwa, ndiye anandifotokozera zonse. Mita ili pawiri. Pali chidutswa cha paipi chonenepa, chabuluu, chomwe amachitcha sensa. Chimenechi amachilowetsa pakati pa paipi yaikulu. Mkati mwake mulibe chozungulira chilichonse, ndi mosalala, koma muli maginito amene amamva madzi akamadutsa. Ndiye pali kabokosi ka galasi, transimita, komwe kamalemba manambala. Ziwirizi zimalumikizana ndi chingwe chakechake, chachifupi, chosati n'kuwonjezera ngati waya wa wailesi. Anandiuza kuti mita yotere ili ndi lamulo limodzi lalikulu: paipi izikhala yodzaza madzi nthawi zonse. Mukangokhala mpweya, imayamba kubwebweta kapena kukhala chete. Anandibwereza zimenezi mpaka ndinaziloweza ngati katekisimu.

Malo anali atasankha kale. Pampu ikakoka madzi, paipi imayenda molunjika m'munsi mwa gombe, kenako imakwera chitunda mpaka pamphepete pa msewu, n'kupindika kutsikira mungalande. Iye anafuna m'munsimo, pomwe madzi sachoka m'paipi. Anati akumba dzenje, alimangira njerwa, aika chivindikiro chachitsulo kuti njovu zisaponde. Ine ndinamuyang'ana akukamba ndipo ndinati, ee, mwamuna ndili naye.

M'mawa wake akomiti anayenda naye kukaona malowo. Ine ndinatsatira ndi amayi ena, ati tikukatola nkhuni. Sunday analoza m'munsi muja ali chapatali, kapusi ali m'manja. Adada sanatsikeko n'komwe. Anakwera pachitunda, anaima pomwe paipi imapindikira, anayang'ana msewu, anayang'ananso akomiti.

"Chinthu chachokera kutsidya kwa nyanja," anatero, "inu mukachikwirire m'dzenje ngati chimbudzi? Nanga alendo adzajambula chiyani? Mita ikhala pano."

Akomiti anati eya, apa ndiye pooneka. Malo amenewo ndiwo okwera kuposa paliponse papaipi yonse, pomwe mpweya umakasonkhana. Sunday ankadziwa, ine ndinkadziwa. Ndinamuyang'ana ndikudikira kuti atsegule pakamwa. Munthu wamkulu, wa mapepala ake, ananjuta pansi n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

Kwathu kuno mkamwini sayankhana ndi apongozi ake maso ndi maso. Sadya nawo mbale imodzi, sawadutsa kutsogolo, ndipo akakhala ndi mawu olemera amatuma nkhoswe. Mwambowu sindiudana nawo pamaliro kapena pankhani za m'banja. Koma iyi inali paipi. Ndinamufunsa Sunday kunyumba ngati kusukulu kuja anamuphunzitsa kuti madzi nawonso amalemekeza apongozi. Anangoti ndisade nkhawa, atuma a Jackson.

A Jackson ndi nkhoswe yake, mbale wa amayi ake wa ku Kambombo, amene amakonza njinga pamsika. Luso lawo lenileni si njinga, ndi kusiya aliyense akumwetulira. Sanafikitsepo uthenga uli wathunthu chibadwire chawo. Sunday anawakhazika pansi n'kuwauza momveka bwino kuti pachitunda paja paipi sidzaza, mita sidzawerenga, ndipo ntchito yake ithera pomwepo. A Jackson anagwedeza mutu mwachisoni, anati amva zonse, anakwera njinga.

Ine ndinawatsogolera mochenjera. Pofika iwo, ndinali kuseri kwa nkhokwe ya amama ndikupeta mpunga, makutu ali tcheru. Analonjerana kwa nthawi yaitali, anafunsana za mvula ya chaka chatha, za bondo la adada, za ng'ona yomwe inagwira mbuzi. Kenako a Jackson anatsokomola.

"Mwana wanu uja akuti malo mwasankhawa ndi ooneka bwino kwambiri," anatero. "Kungoti mwina kampweya kangamavutitseko pang'ono, koma si nkhani."

Adada anaseka. Anati mpweya uli paliponse, ngakhale m'tchalitchi ulimo koma mapemphero amayenda. A Jackson anaseka koposa mwini nthabwala, anamwa thobwa, anapukuta pakamwa. Atabwerera kwa Sunday anamuuza kuti akulu amva ndipo akuiganizira nkhaniyo mozama. 

Ndinamuuza Sunday zonse zomwe ndinamva, mawu ndi mawu. Mukuganiza anachita chiyani? Anatumanso a Jackson omwewo. Ulendo uno anabwerako ndi kathumba ka mtedza ndi uthenga woti apongozi akuthokoza chifukwa cha mtima wogwirizana.

Ndiye ndinapita ndekha. Ndinagwada monga mwana, ndinawauza adada kuti pachitunda paja mita sidzagwira ntchito, ndipo mkamwini wawo achotsedwa ntchito. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti zamapaipi ndinaphunzira liti, ine Damaris amene ndinalekezera giredi naini. Anati mwini ntchito wavomera kudzera mwa nkhoswe yake, nanga ine ndine ndani. Amama anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti mkazi wolankhulira mwamuna wake pamaso pa atate ake amamuvula mwamunayo pagulu. Ndinawafunsa ngati ulova sumuvula munthu. Anandiuza kuti pakamwa panga padzandipweteketsa.

Panatsala njira imodzi. Bwana wa Sunday ndi mayi wina injiniya, a Lena Zimba, munthu wosazungulira pokamba. Ndinamuuza Sunday kuti awaimbire foni, iwo aimbire wapampando, nkhani ithe.  Iye anati zikatero dziko lonse la Tembwe lidzadziwa kuti mkamwini wakanenera apongozi ake kwa anthu akunja, ndipo iye adzayenda bwanji m'mudzi muno. Ndinamukumbutsa kuti cholinga chake n'choti tisamayendenso m'mudzi muno. Tsiku lina anatenga foni n'kukwera pachulu chomwe timapezerapo netiweki. Ndinamuona ataima pamwamba, foni ili m'manja, akuiyang'ana. Anatsika osaimba, ati netiweki inali yovuta.

Choncho mita anaiika pachitunda. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anaiika mwaluso kwambiri. Ndinkamupititsira chakudya masana, ndiye ndinaona. Anadula paipi mowongoka bwino, anapala m'mphepete mpaka mosalala. Analowetsa sensa pakati, muvi wake utaloza kungalande komwe madzi amapita. Mbali zonse ziwiri anaika mphira zotsekera kuti pasadonthe, ndi mphete zachitsulo, poti paipi yathu ndi yapulasitiki. Anakhoma ndodo yamkuwa pansi n'kulumikiza waya wobiriwira kuchokera kumphetezo. Mabawuti sankamanga motsatana, ankamanga limodzi uku, lina kutsidya kwake, pang'onopang'ono, kuti chinthucho chikhale mofanana. Kabokosi anakaika pamtengo wachitsulo, pansi pa kadenga kamalata, chingwe chikuyenda m'kapaipi kake kutali ndi waya wa pampu. Ankagwira ntchitoyo thukuta lili kamukamu, nkhope ngati munthu wokumba manda a m'bale wake.

Ndinamufunsa kuti akuvutikiranji kukongoletsa chinthu chakufa. Anati mwina pampu ikathamanga mwamphamvu paipi idzadzaza ndithu. Ankadzinamiza, ndipo ankadziwa kuti ndikudziwa. Atamaliza anafuna kuyesa, koma kiyi wa nyumba ya pampu amasunga adada m'thumba la jekete. Adada anatumiza mawu kuti mita yatsopano siyamba kuwerenga alendo asanafike, madzi oyamba ayenera kudutsa pamaso pa akuluakulu. Sunday anavomeranso. Akomiti anamanga kampanda ka njerwa kuzungulira mita, anakapaka laimu, mbali yakumsewu yokha, ndipo analembapo dzina la wapampando ndi penti yofiira. Mita yonse anaikulunga chitenje.

Tsiku la mwambo kunatentha kuyambira m'mawa. Anabwereka mipando kusukulu, anazika matenti awiri, amayi a kwaya anavala yunifolomu. Kunabwera anthu a ku boma, a bungwe lija, ndi ena omwe ntchito yawo sindinaidziwe koma anakhala kutsogolo. A Lena anafika mochedwerapo pagalimoto ya kampani, fumbi lili mbuu. Atatsika anayang'ana m'munsi mwa gombe, komwe ankayembekeza kuona dzenje. Kenako anaona chitenje pachitunda. Nkhope yawo inasintha, anayamba kufunafuna Sunday ndi maso, koma iye anali atabisala kuseri kwa akomiti, ndipo pemphero linali litayamba.

Adada analankhula mpaka ana anagona pamiyendo ya amayi awo. Anayambira pomwe sikimu inali thengo. Anati chitukuko sichibisidwa, n'chifukwa chake iwo monga wapampando anaonetsetsa kuti mita ikhale poti aliyense wodutsa aione. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinasunga mawu amenewo.

Mlendo wolemekezeka anavundukula chitenje, wina anathamanga kukayatsa pampu. Paipi inanjenjemera, inagwedera, madzi anatulukira mungalande, amayi n'kuyamba nthungululu. Alendo anatulutsa mafoni. Adada anavala magalasi, anaweramira pakabokosi kuti awerengere anthu nambala yoyamba. Asanamalize kuitchula, inasintha. Anayambanso, inasinthanso. Inakwera ngati tikupopa mtsinje wonse, inagwa, inafika pa ziro madzi akukhuthuka pamaso pa aliyense. Kenako panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo mphunzitsi wina wopanda chisoni anamasulira mokweza kuti mita ikuti paipi ilibe madzi. Anthu akumbuyo anayamba kuseka. Mafoni anabwerera m'matumba.

A Lena anadzuka, anapita pachitunda, anaika khutu papaipi. Ngakhale ife tinkamva madzi akuchita kapakapa mkatimo, theka madzi theka mpweya. Anayang'ana mabawuti, anagwira waya wobiriwira uja, anaona kuti zonse zili m'malo mwake. Anaimirira n'kudzipukuta m'manja.

"Ndani anasankha malo ano?" anafunsa. Sanakweze mawu.

 Adada anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, ngati magalasiwo ndiwo alakwa. Akomiti aja amakonda kujambulidwa anasanduka anthu oyang'ana nsapato zawo. A Jackson anapeza chinachake chosangalatsa pamwamba pa mtengo wa masawu. Munthu amene anangonena kumene pamaso pa anthu onsewa kuti anaonetsetsa yekha kuti mita ikhale pamsewu, manje analibe pakamwa. Ndinadikira. Ndinayang'ana adada, ndinayang'ana Sunday. Ndinaona Chipata ikuchoka, ndipo ndinaimirira pakati pa amayi. Amama anandikoka chitenje koma ndinawachotsa dzanja.

"Madamu," ndinatero, "mwamuna wanga anasankha m'munsi umo. Amene anakana ndi adada angawa, ankafuna kuti alendo aione."

Anthu onse anatembenuka. A Lena anayang'ana Sunday n'kumufunsa ngati zinali zoona. Apa ndiye panali pake. Sankafunika kutsutsa munthu, sankafunika kuyang'ana apongozi kumaso, chovuta ndinali nditamuchitira kale ine. Ankangofunika kugwedeza mutu chabe. Anatuluka kuseri kwa akomiti, kapusi ali m'manja monga mwa masiku onse.

"Mkazi wanga sadziwa za ntchitoyi, madamu," anatero. "Mumukhululukire. Malo ano ndinasankha ndine."

Ndinamva ngati wandithira madzi otsukira mbale kumaso. Anandisandutsa wabodza pamaso pa Tembwe yense, pamaso pa alendo, pamaso pa mwana wathu amene anali m'gulu la ana asukulu. Amayi ena anayamba kunong'onezana. Ndipo adada, adada anga ondibereka, anavalanso magalasi, anapukusa mutu mwachisoni n'kuuza mlendo wolemekezeka kuti ana a masiku ano mapepala ndi ambiri koma nzeru zochepa. Anawonjezera kuti iwo anakayikira kuyambira pachiyambi, kungoti sanafune kulowerera ntchito ya katswiri. Akomiti anati eya, tonse tinakayikira.

A Lena si opusa. Ndikhulupirira anaona zonse. Anamuitanira Sunday pambali pa galimoto, ndipo ine ndinasendera pafupi. Anamuuza kuti ngati anasankha yekha ndiye kuti sadziwa ntchito, ndipo ngati anamusankhira ena iye n'kukhala chete ndiye kuti sangamutume kulikonse. Zonse ziwiri yankho lake ndi limodzi. Anamuuza kuti aike bokosi la zipangizo m'galimoto pamodzi ndi ovolosi ya kampani. Iye anathokoza. Tamverani, anathokoza. Alendo anapita kukadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndipo ndinamva kuti chakudya chinakoma.

Patapita masiku kunabwera amuna ena a kampani. Anachotsa mita pachitunda, anakumba dzenje m'munsi mwa gombe, pamalo penipeni pomwe Sunday analoza tsiku lija, anaimangira njerwa ndi chivindikiro chachitsulo. Ikuwerenga bwinobwino mpaka lero. Alendo akabwera, adada amawatsitsira kumeneko, jekete ili pathupi, n'kumawafotokozera kuti mita yamtunduwu imafuna paipi yodzaza, ndipo ndi iwo analangiza kuti isamutsidwe. Kampanda koyera kaja kakadali pamsewu, dzina lawo lili pomwepo, mkati mumagona mbuzi.

Sabata yomwe Sunday anachotsedwa ntchito, amama anafika kwathu m'mawa atanyamula tambala. Anati watumizidwa ndi adada, ndipo uthenga wake ndi wakuti m'dziko muno mulibe mkamwini waulemu ngati Sunday. Anati akomiti agwirizana kumupatsa munda pasikimu kuti azilima mpunga, asavutike. Ndinafunsa kuti munda uti. Unali wakumapeto, wogundana ndi thengo, womwe aliyense anaukana chifukwa njovu zikamatuluka zimayambira pamenepo. Sunday anagwada, analandira tambala ndi manja awiri, anaomba m'manja. Maso ake anali ndi misozi, ndipo sinali misozi yaukali. Munthuyo anakondwa kuti apongozi amuyamikira.

Amama atachoka anamanga tambala pamtengo, anazungulirazungulira pabwalo, kenako anabwera pomwe ndinkachapa yunifolomu ya Joyce. Anati mpunga ukayamba kucha tidzafunika kumagona kumunda, ndiye anafuna kudziwa ngati zitini zija zoopsezera njovu ndinazisunga penapake. Sindinadzutse mutu. Anabwerezanso, mofatsa, ati amake Joyce, ndikukamba ndi inu.

Ndinafinya yunifolomu, ndinaiyanika pachingwe, ndinapukuta manja pachitenje.

"Bambo a Joyce," ndinatero, "ngati muli ndi mawu ndi mwana wa a Goma, katumeni a Jackson."